Musanalipire kosi yophunzitsa agalu, kamuonereni kaye mphunzitsiyo

Funso la lero lachokera kwa mnyamata wina wa ku Area 25 amene amagwira ntchito yaulonda usiku. Akufuna kuphunzira luso lophunzitsa agalu kuti tsiku lina adzasiye kuchezera panja. Wapeza makosi awiri. Ina ndi ya bambo wina wa mu Lilongwe momwe muno, ya miyezi itatu, yomwe akuti ndi ya khalidwe la nyama ndi kaphunzitsidwe ka agalu, ndipo bamboyo wamutumizira pa WhatsApp vidiyo ya chigalu chikudumphira munthu wovala chotchinga chokhuthala kumkono. Inayo ndi ya pa intaneti, ya sukulu ya kunja, yolipira m'madola. Kosi iliyonse idya malipiro ake a miyezi ingapo. Ndiye akufunsa kuti angadziwe bwanji ngati mphunzitsi ntchitoyi amaidziwadi.

Achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba. Musalipire kalikonse musanamuone mphunzitsiyo akugwira ntchito ndi galu amene sakumudziwa, komanso akuphunzitsa munthu amene manja ake sanazolowere. Za mapepala tikambirana, ali ndi malo ake, koma amabwera pambuyo.

Vidiyo ija isakutengeni mtima. Galu wa mtundu wa Belgian Malinois kapena German Shepherd wobadwa kwa makolo ogwira ntchito safuna luso lalikulu kuti alume mkono wokutidwa. Kwa iye amenewo ndi masewera, ndipo amawalakalaka. Chovuta ndi kumusiyitsa. Ionereninso vidiyoyo. Mwini galu atanena liwu limodzi, galuyo akulekadi nthawi yomweyo? Akukhala pansi phee munthu uja akuchokapo, kapena akuchita kumukoka ndi unyolo mpaka kumutsamwitsa? Mavidiyo ambiri amathera pomwe galu waluma, chifukwa zotsatira zake sizikongola. Komanso vidiyo siikuuzani amene anaphunzitsa galuyo. Agalu ena amagulidwa ku South Africa ataphunzitsidwa kale, wogwira chingwe n'kumangotamandidwa pa ntchito ya munthu wina.

Choncho mupempheni kuti mukakhale nawo pa phunziro limodzi, mukangoonerera. Ngati zingatheke tengani galu wa kwanu kapena wa aneba, wa lokolo yemwe, bola akhale wobayidwa katemera. Maso anu akhale pa mphindi zisanu zoyambirira. Munthu wodziwa agalu sathamangira kugwira galu wachilendo. Amaima chammbali, osamuyang'anitsitsa m'maso, osamuweramira pamutu. Amatha kuponya kabonya pansi chapatali pang'ono, n'kudikira kuti galu asendere mwa kufuna kwake. Akudikira choncho, mafunso amabwera kwa inu: galuyu ali ndi zaka zingati, munamutenga kuti ndipo anali wamkulu bwanji, amagona pati, amamupatsa chakudya ndani, amakhala pa unyolo maola angati, analumapo munthu, khadi la katemera lili kuti. Amene alande chingwe m'manja mwanu asanafunse chilichonse, n'kuchikoka mwamphamvu ati galu adziwe mwini wake, ameneyo mwamuona kale. Bwererani ndi ndalama yanu.

Akapambana pamenepo, mupempheni akuuzeni zimene akuona pa galuyo. Galu amene wayamba kusowa mtendere amayasamula alibe tulo, amanyambita milomo palibe chakudya, amatembenuzira mutu kumbali zoyera za m'maso n'kuonekera. Makutu amagona chakumbuyo. Kenako thupi lonse limauma, pakamwa n'kutseka, wefuwefu uja n'kuleka mwadzidzidzi. Akafika apo, chotsala ndi mano. Ambiri timakhulupirira kuti galu wogwedeza mchira ndi wokondwa, koma mchira woimikidwa m'mwamba, wouma, wongogwedezeka kunsonga, ndi wa galu amene atha kukulumani. Mphunzitsi weniweni zinthu izi amazitchula zikuchitika, n'kukulozerani ndi chala, ndipo amabwerera m'mbuyo galu asanafike pokalipira pakhosi. Akafika pokalipapo, samulanga. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe: kukalipako kuli ndi chifukwa chake, ndipo ndi chenjezo limene limapulumutsa anthu. Galu womenyedwa chifukwa chochenjeza amasiya kuchenjeza koma mantha ake ali pomwepo, ndiye tsiku lina amangomuluma mwana popanda chizindikiro chilichonse.

Kenako onani manja ake. Muuzeni aphunzitse galuyo kukhala pansi. Wodziwa amatsina bonya pakati pa zala, n'kumuika pamphuno pa galu, n'kukweza dzanja pang'onopang'ono kupita chakumbuyo pamwamba pa mutu. Mphuno ikamatsatira dzanja m'mwamba, matako amatsika okha. Akangogunda pansi, iye amati "eya!" nthawi yomweyo, bonya n'kulowa mkamwa. Sakankha msana, sakuwa, sabwereza "khala, khala, khala" kwa galu amene liwulo sanalimvepo. Liwu lolamula amaliwonjezera pambuyo, galu atagwira kale chochita, ndipo pakapita mphindi zochepa amamupumitsa. Luso lonse lagona pa nthawi. Mphotho ikachedwa ndi masekondi angapo, galu waimirira kale, ndiye mwamulipira chifukwa choimirira.

Zimenezi zili ndi maziko ake m'maphunziro, ndipo kosi yodzitcha ya khalidwe la nyama iyenera kuwafika. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1904 pa kafukufuku wa kagayidwe ka chakudya m'thupi, anaonetsa kuti galu amalumikiza chizindikiro ndi chimene chimabwera pambuyo pake, mpaka thupi limayamba kuyankha lokha. B. F. Skinner wa ku America, m'buku lake la 1938, analongosola mmene zotsatira za khalidwe zimalikulitsira kapena kulifooketsa. Maina awa aliyense atha kuwaloweza pamtima. Inu mumuyese mphunzitsi ndi nkhani za pakhomo. Mufunseni chifukwa chake galu amauwa ogulitsa makala odutsa pa njinga kunja kwa geti, chaka ndi chaka osatopa. Woidziwa ntchito akuuzani kuti galu amauwa, wa makala amapitiriza ulendo wake, ndipo m'mutu mwa galu kuuwa kwakeko ndi kumene kwamuthamangitsa, ndiye tsiku lililonse amalandira malipiro ake. Mufunseninso za galu amene amakana kubwera akaitanidwa. Kawirikawiri mupeza kuti akabwera mochedwa amalandira chikoti kapena kumangidwa pa unyolo, ndiye anaphunzira bwino lomwe kuti kubwera n'koopsa.

Pali funso lina limene limagwetsa ambiri. Galu waba ndiwo m'mawa, inu mwabwera madzulo n'kumukalipira, iye wagwetsa makutu, wapinda mchira. Akudziwa kuti walakwa? Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York anayesa zimenezi mu 2009. Eni agalu ankauzidwa kuti galu wadya chakudya chimene anamuletsa, nthawi zina asanadye n'komwe. Nkhope ija yooneka ngati ya manyazi inkabwera chifukwa cha kukalipa kwa mwini wake, kaya galu wadya kaya sanadye. Mphunzitsi amene amauza ophunzira kuti azikokera galu pomwe analakwira maola apitawo n'kumumenyera pomwepo, phunziro ili silinamufike.

Mvetseraninso mawu amene amawakonda. Akamabwerezabwereza kuti inu muyenera kukhala "alpha", kutanthauza mfumu ya gulu, kuti galu akufuna kukulandani ufumu pakhomo, kuti muzimugwetsa chagada n'kumupanikiza pansi mpaka agonje, dziwani kuti maphunziro ake anaima kalekale. Ganizo limeneli linachokera ku kafukufuku wa Rudolf Schenkel wofalitsidwa mu 1947, amene ankaonerera mimbulu yotsekeredwa pamodzi kumalo osungirako nyama ku Basel, m'dziko la Switzerland. Inali mimbulu yosonkhanitsidwa kuchokera kosiyanasiyana, yopanda kothawira, ndiye inkalimbana. David Mech wa ku America anafalitsa ganizoli m'buku lake la 1970. Koma iye yemweyo, atakhala zaka zambiri akupita kukaonerera mimbulu ya m'tchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, analemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, bambo, mayi ndi ana awo, ndipo makolo amatsogolera chifukwa ndi makolo, osati chifukwa anapambana ndewu. Anafika popempha osindikiza kuti asiye kutulutsa buku lake lakale lija. Kuwonjezera apo, galu si mmbulu. Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti agalu oyenda momasuka amakumana kudzala kapena pomwe pali galu wamkazi wofuna amuna, akatha n'kubalalika aliyense kwawo.

Sindikunena kuti chikoti sichigwira. Chimagwira, galu amasiyadi chimene amachita, n'chifukwa chake njirayi siitha. Nkhani ili pa mtengo wake. Mu 2009 Meghan Herron ndi anzake a ku University of Pennsylvania anafunsa eni agalu 140 amene anabwera ndi agalu ovuta. Mwa amene anayesapo kumenya galu kapena kumuponda theche, 43 pa 100 alionse anayankhidwa ndi ukali. Mwa ogwetsa galu chagada aja, 31 pa 100. Ku Porto, m'dziko la Portugal, kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anayerekeza agalu 92 a m'masukulu 7, ena ophunzitsa ndi mphotho, ena ophunzitsa ndi kukoka chingwe ndi kukalipa. Agalu a m'masukulu a chilango ankaonetsa zizindikiro zambiri za nkhawa, ndipo akamaliza phunziro m'malovu mwawo munkapezeka cortisol wochuluka, amene thupi limatulutsa likapanikizika. Ku Wales malamba a pakhosi omenya shoko ya magetsi analetsedwa mu 2010. Ndiye yang'anani zida za mphunzitsi wanu. Ngati pali lamba wa minga, lamba wa shoko ndi chidutswa cha paipi, koma palibe kachikwama ka zakudya ngakhale mpira, mwadziwa kale chimene mudzaphunzire miyezi itatu yonseyo.

Pali mayeso ena amene ndi athuathu. Mufunseni kuti: ndikufuna galu wanga akhale wolusa, nditani? Mayankho a m'makwalala mumawadziwa. Mutsekereni m'khola lamdima masana onse asamaone anthu. Muthirireni tsabola m'chakudya. Ena mpaka chamba. Mphunzitsi akavomereza ngakhale chimodzi mwa izi, muthaweni. Tsabola ndi chamba zimangomuzunza galu ndi kumudwalitsa. Kutsekera ndiye kumawononga zedi. John Paul Scott ndi John Fuller, atafufuza kwa zaka zoposa 10 ku Bar Harbor, m'chigawo cha Maine ku America, anatulutsa mu 1965 buku losonyeza kuti kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma 12 ndi nyengo imene kagalu kamaphunzira kuti anthu ndi agalu anzake si adani. Kakaphonya nyengo imeneyi, mantha ake amavuta kuchotsa moyo wake wonse. Galu wokulira mumdima sadziwa kusiyanitsa mbala ndi mwana wa aneba wodzatola mpira, kapena wowerenga mita ya madzi. Amaopa onse, ndiye amaluma amene wamuyandikira, ndipo omuyandikira kawirikawiri ndi a pakhomo pomwepo. Nawo unyolo uli ndi mbiri yake: kafukufuku wa 1994 ku Denver anapeza kuti kumangidwa pa unyolo pabwalo kunali kofala kwambiri pakati pa agalu amene analuma anthu kusiyana ndi amene sanalumepo.

Mphunzitsi wa mu Lilongwe akhalenso ndi chonena pa tiagalu timene timagulitsidwa m'mbali mwa misewu, titanyamulidwa m'mwamba padzuwa, tina tisanaleke n'komwe kuyamwa. Kagalu kayenera kukhala ndi mayi ake ndi abale ake mpaka masabata 8, chifukwa ndi komwe kamaphunzira kuluma mosapweteka posewera. Agalu oterewa adzakupezani ali akuluakulu, eni ake akudandaula kuti ndi osamva.

Katswiri amadziwanso pomwe ntchito yake yathera. Galu amene anali wofatsa n'kuyamba mwadzidzidzi kuluma akagwiridwa, ayambe waonedwa ndi a vetenale. Daniel Mills wa ku University of Lincoln ku England ndi anzake analemba mu 2020 kuti ululu umapezeka pa gawo lalikulu la agalu amene amapita nawo kwa akatswiri chifukwa cha khalidwe loipa. Kuno zoyambitsa ululu sizisowa: makutu odyeka ndi ntchentche, nkhupakupa ndi matenda ake, mano othyoka ndi mafupa, mabala a unyolo pakhosi, ndi chiuno chopweteka chimene chimavutitsa agalu ambiri a mtundu wa German Shepherd. Galu wa khutu lotupa sawongoledwa ndi phunziro la "khala".

Ndipo kuno kwathu galu wosintha khalidwe mwadzidzidzi ayenera kutikumbutsa chiwewe. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ndipo mpaka 99 pa 100 alionse amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoonekera, pafupifupi palibe amene amapulumuka. N'chifukwa chake a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo kuno a LSPCA, bungwe losamalira nyama la mu Lilongwe lomwe linayamba mu 2008, amachita chimodzimodzi mothandizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto. Cholinga chimakhala kufikira agalu 70 pa 100 alionse kuti matendawa aleke kufala. Kosi imene siyamba ndi nkhani imeneyi siinakonzedwere Malawi. Tsiku loyamba lomwe muyenera kumva kuti galu wopanda khadi la katemera salowa m'kalasi, kuti mukalumidwa mutsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ndiponso kuti munthu wogwira agalu tsiku ndi tsiku amalangizidwa kubayitsiratu katemera wa chiwewe asanalumidwe n'komwe. Muyeneranso kumva za parvo, matenda otsegula m'mimba amene amamaliza tiagalu tosamaliza katemera, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri.

Tsopano za mapepala. Udokotala wa ziweto ndi ntchito yotetezedwa ndi lamulo. Munthu amaphunzira zaka zambiri, kuno ku Bunda pansi pa LUANAR kapena kunja, n'kulembetsedwa asanayambe kuchiza. Kuphunzitsa agalu sikuli choncho. Ngakhale ku Britain ndi ku America, aliyense atha kudzuka mawa n'kudzitcha katswiri wa agalu. Ndiye liwu loti "certified" pa chikwangwani palokha silikuuzani kanthu. Funsani kuti satifiketiyo anapereka ndani, analemba mayeso kapena anangokhala nawo pa semina ya masiku awiri, ndipo dzina lake lingapezeke pati. Mabungwe odziwika amasunga mndandanda wa anthu awo pa intaneti. CCPDT ya ku America, imene imapereka masatifiketi kwa ophunzitsa agalu, mwachitsanzo, siilola munthu kulemba mayeso a satifiketi yake ya CPDT-KA asanakwanitse maola 300 ophunzitsa agalu m'zaka 5 zapitazo, ndipo satifiketiyo imafunika kuikonzanso pakapita zaka 3 zilizonse. Palinso mabungwe oona za akatswiri a khalidwe la nyama, IAABC ndi ABTC ya ku Britain, pomwe mayunivesite a Edinburgh ndi Lincoln amapereka digiri yachiwiri pa khalidwe la nyama. Akatchula limodzi mwa maina awa, tulutsani foni mufufuze pomwepo iye akuona. Ngati akunena kuti pepala limene adzakupatseni inuyo ndi lovomerezeka ndi boma, kafunseni ku TEVETA kapena ku NCHE ngati sukuluyo inalembetsedwa.

Komabe ndinene poyera kuti kuno mupeza anthu a manja abwino kwambiri opanda pepala lililonse la kunja, chifukwa mayeso amenewo ndi a madola. Kusowa pepala sindikutenga ngati mlandu. Kunama za pepala ndiye mlandu, pakuti wonamiza inu adzanamizanso makasitomala. Nayenso dokotala wa ziweto, kapena wa dipuloma ya ku Natural Resources College (NRC), amadziwa thupi la galu ndi matenda ake, koma kuphunzitsa galu ndi luso lina limene ayenera kulionetsa ngati wina aliyense.

Mwina bambo wanuyo akuuzani kuti anagwirapo ntchito ya agalu ku polisi, ku usilikali kapena ku kampani ya zachitetezo. Zimenezo n'zoyenera ulemu. Munthu wotere amadziwa kugwira galu wamphamvu, kusamala khola, ndi kusunga ndondomeko. Kungoti agalu a kumeneko amachita kusankhidwa, ndipo amantha satengedwa. Inu mudzalandira agalu amene palibe anawasankha: wamantha, wokalamba, wozolowera kugona pa mpando wa madona, kagalu ka miyezi iwiri. Mufunseni za agalu oterewo mumve ngati ali ndi chonena. Ndipo akakuuzani kuti ntchito yeniyeni imafuna chikoti, mukumbutseni za agalu onunkhiza a pa Kamuzu International Airport, amene amasaka minyanga ya njovu ndi mamba a ngaka m'katundu. Agalu a ntchito yotere amaphunzitsidwa ndi mphotho, kawirikawiri mpira kapena choseweretsa china. Amasaka ndi mtima wonse chifukwa akudziwa kuti akapeza fungo lija, masewera ayamba.

Mwafunsa za mphunzitsi wa kosi, ndipo kuphunzitsa galu n'kosiyana ndi kuphunzitsa munthu. Alipo anthu amene galu aliyense amawamvera koma sangathe kufotokoza chimene manja awo akuchita. Pa phunziro lija onani zimene zimachitika wophunzira akalakwitsa. Mphunzitsi wabwino amasiya chingwe m'manja mwa wophunzira n'kukonza chinthu chimodzi: "Dzanja latsika msanga, yesaninso." Wina amalanda chingwe, n'kuchita yekha mokongola, ophunzira n'kuwomba m'manja, n'kupita kwawo asanaphunzire kanthu. Werengani ophunzira, muwerengenso agalu. Anthu 15 pa galu mmodzi wa aphunzitsi, amene zonse amazidziwa kale, ndiye kuti miyezi itatu itha inu mutagwira chingwe maola owerengeka. Funsani kuti pofika kumapeto mudzakhala mutagwira agalu angati osiyana, komanso kuti mayeso omaliza ndi otani, kulemba pa pepala kokha kapena kupatsidwa galu wosaphunzira kuti mumuphunzitse chinthu chatsopano pamaso pa oyesa. Pemphaninso manambala a ophunzira akale awiri kapena atatu, muwaimbire nokha, muwafunse ngati lusoli akudyerapo.

M'nyumba zambiri za ku Area 10, Area 43 kapena Area 47, mwini galu amatuluka m'mawa n'kubwera kutada. Masana galu ali ndi wantchito wa panja, usiku ali ndi mlonda. Wolipira ndi bwana, koma ofunika kuphunzitsidwa kwenikweni ndi awiri ajawo. Bwana amalamula m'Chingerezi, mlonda m'Chichewa, ana amamuponyera mafupa ali patebulo, galu n'kusokonezeka. Kosi yabwino imakuphunzitsani kuwakhazika pamodzi anthu onsewa kuti agwirizane pa mawu amodzi ndi malamulo amodzi. Apa, achimwene, muli ndi mwayi umene anzanu ambiri m'kalasimo alibe. Mukudziwa mmene galu amakhalira 2 koloko ya usiku, ndipo mukudziwa kulankhula ndi mlonda mnzanu osamunyoza.

Kosi ya pa intaneti ija muiyese ndi muyeso womwewo. Pezani dzina la munthu weniweni amene adzayang'ane ntchito yanu, osati dzina la sukulu lokha. Yabwino imafuna kuti muzitumiza mavidiyo a inuyo mukuphunzitsa galu, mphunzitsi n'kuwaonera n'kukuyankhani. Imene imangokupatsani zowerenga ndi mafunso osankha yankho, satifiketi n'kutuluka yokha pa kompyuta, musawonongerepo madola osowawa ndi bandulo. Kumbukiraninso kuti makosi ambiri a kunja analembedwera galu wogona pa sofa, woyendetsedwa pa chingwe m'mawa ndi madzulo, wodya chakudya cha m'thumba. Wathu amagona panja, amadya nsima ya mgaiwa ndi bonya, ndipo ntchito yake ndi kulondera. Mfundo za kaphunziridwe ndi zomwezo, koma kuzikonza kuti zigwire kuno idzakhala ntchito yanu. Kwa ine, bambo uja akapambana mayeso onsewa sankhani iye, chifukwa manja saphunzira pa foni. Akalephera, tengani ya pa intaneti ngati ili yoona, ndipo mufune malo osamalira agalu kapena chipatala cha ziweto komwe mungamakathandize kusambitsa, kuyendetsa ndi kudyetsa agalu ambiri osiyanasiyana.

Podikira zonsezi, yambani ndi nkhuku. Sindikuseka. Marian Breland, amene anali wophunzira wa Skinner, pamodzi ndi mwamuna wake wachiwiri Bob Bailey, ankasula aphunzitsi a agalu pogwiritsa ntchito nkhuku. Nkhuku ndi yachangu, siidikira dzanja lochedwa, ndipo simungaikoke ndi unyolo kapena kuikalipira, chifukwa imangouluka n'kukusiyani. Tengani nkhuku yozolowera anthu isanadye m'mawa, muike pansi chitsekerero chofiira cha botolo. Ikangochijompha, ipatseni mphale pang'ono m'kapu n'kuchotsa kapuyo. Ikazolowera, ikani pambali chitsekerero cha mtundu wina, muzilipira chofiira chokha, n'kumazisinthanitsa malo. Mukafika poti nkhuku ikusankha chofiira nthawi zonse, mudzapita kukaonerera phunziro lija muli ndi diso lotha kuona dzanja lochedwa, ngakhale la aphunzitsi.

Za ndalama, musalipire miyezi itatu yonse pakamodzi. Gwirizanani zolipira mwezi ndi mwezi, lisiti nthawi iliyonse, ndipo masiku a phunziro ndi maola ogwira agalu alembedwe pa pepala. Poti mumagwira ntchito usiku, onetsetsani kuti nthawi ya phunziro siikugwera pomwe maso akulemera, chifukwa galu wachilendo sagwiridwa ndi munthu wa tulo. Funsaninso musanasaine kuti galu wa m'kalasi akakulumani, bilu ya kuchipatala ndi ya ndani.